Kusoka Chofunda cha Zigamba: Kabuku ka Mabanja a ku Kadoma ndi Chegutu

Mwezi wa June ukafika, usiku wa ku Rimuka, ku Eiffel Flats, ku Chakari ngakhale ku Pfupajena umazizira mpaka m'mafupa. Ana ambiri amagona pansi pa simenti, awiri kapena atatu n'kumalimbirana bulangete limodzi, ndipo bulangete latsopano silitsika mtengo. Chonsecho m'nyumba zomwezo muli matumba a zovala zimene zinatha ntchito: malaya othothoka kolala, yunifolomu imene mwana inamuthina, chitenje chobooka pakati koma m'mbali chikadali cholimba. Kabuku kano kakufotokoza momwe mungasandutsire nsalu zimenezi kukhala chofunda chochindikala, chokongola, chotha zaka zambiri. Makina osokera amafulumizitsa ntchito, koma amene ali ndi singano, ulusi ndi sizasi basi akhoza kuyamba lero.

Dera lathu ndi la thonje

Nsalu si mlendo kuno. Malo ofufuzirapo za ulimi wa thonje anatsegulidwa ku Kadoma mu 1925, tauniyo ikutchedwa Gatooma, dzina limene linasinthidwa mu 1982 pamodzi ndi la Hartley, imene lero ndi Chegutu. Thonje la ku Sanyati ndi ku Gokwe linkabwera kuno, kampani ya David Whitehead n'kumapota ulusi ku Kadoma ndi kuwomba nsalu ku Chegutu. Dzina lomweli linalinso pa fakitale ya nsalu ya ku Blantyre, m'dziko limene makolo athu anachokera podzagwira ntchito m'migodi ya Cam and Motor ndi Dalny komanso m'mafamu. Amayi ambiri a nthawi imeneyo anaphunzira kusoka m'magulu a kutchalitchi ndi m'makalabu a m'komboni, ndipo chidutswa cha nsalu sichinkatayidwa wamba.

Mafakitalewa atayamba kuvutika, zovala zathu zambiri zinayamba kuchokera pa kaunjika. Mbiriyi ikukhudza msoko wanu mwachindunji. Agogo athu akatola zidutswa khumi, pafupifupi zonse zinkakhala za thonje. Inu mukatola khumi lero, mupezamo thonje, poliyesitala, nayiloni ndi zina zotamuka, ndipo mukazisoka pamodzi osasankha, chofundacho chidzakwinyika pochichapa koyamba. N'chifukwa chake gawo lalitali la kabuku kano likunena za kusankha ndi kudula. Ndi pamene pagona ntchito yonse.

Pali ena amene amachita manyazi, amati zigamba n'chizindikiro cha umphawi. Maganizo amenewa tiwasiye. Ku Weya, kum'mawa kwa Harare, amayi anayamba mu 1987 kusoka zithunzi za moyo wa kumudzi ndi tizidutswa ta nsalu, mothandizidwa ndi mphunzitsi wa zojambula wa ku Germany, Ilse Noy, ndipo ntchito yawo inagulidwa m'mayiko ambiri. Ku Gee's Bend, m'chigawo cha Alabama ku America, zidzukulu za akapolo a m'minda ya thonje zinkasoka zofunda pogwiritsa ntchito mathalauza akutha a amuna awo, pofuna kungoteteza ana ku mphepo. Mu 2002 zofundazo zinaonetsedwa m'nyumba zikuluzikulu za zaluso ku Houston ndi ku New York. Chigamba chodulidwa bwino ndi kusokedwa mowongoka ndi luso, ndipo aliyense wochiona amazindikira.

Kusankha nsalu

Khuthulani matumba onse pa mkeka, masana kukuwala. Gawani miyulu itatu. Woyamba ukhale wa nsalu zopepuka zosatamuka, monga zitenje, malaya, madiresi ndi nsalu zoyala pabedi. Wachiwiri ukhale wa zolemera, monga jinzi, kaki ndi ovolosi. Wachitatu ndi wa zotamuka, monga masikipa ndi majuzi. Chofunda chimodzi chichokere pa mulu umodzi. Jinzi ikalumikizidwa ndi nsalu yopyapyala ya diresi, yolemerayo imakoka yopepukayo mpaka kuing'amba m'mbali mwa msoko. Mulu wachitatu musauike pamwamba pa chofunda ngati mukungoyamba kumene, koma musautaye, uli ndi ntchito yake mkati.

Kuti mudziwe ngati nsalu ndi ya thonje, dulani kachidutswa kakang'ono ngati chikhadabo, mukagwire ndi pulayala kapena waya, muli panja, madzi ali pafupi, ndipo mukayatse. Thonje limayaka bwinobwino, limanunkha ngati pepala lopsa, ndipo limasiya phulusa lofewa. Poliyesitala imasungunuka, imanunkha pulasitiki, ndipo ikazizira imasiya kambulu kolimba. Nsalu yosakaniza imachita zonse ziwiri. Yosakanizayo ingagwire ntchito, bola mudziwe kuti simbi yotentha kwambiri imaipsereza, pamene thonje limapirira.

Kenako kwezani nsalu iliyonse kudzuwa. Pamene kuwala kukudutsa kwambiri, monga m'mawondo, m'zigongono, m'khwapa ndi pokhalira, nsalu yatha, padutseni. Kumsana kwa malaya, kumunsi kwa miyendo ya thalauza ndi m'mbali mwa chitenje ndi kumene kumatsala kolimba. Mukakayika, ikokeni ndi manja awiri. Ikang'ambika mosavuta m'manja mwanu, idzang'ambikanso pabedi.

Pali zovala zina zimene siziyenera kulowa m'chofunda ngakhale zikuoneka zolimba, ndipo mawu amenewa ndi ofunika kwambiri kwa ife a m'dera la migodi. Ovolosi kapena chovala chilichonse chimene munthu ankavala potsuka kapena kuwotcha golide ndi mercury, kapena pogwira ntchito pa matanki a cyanide, chisalowe n'komwe m'nyumba yogona. Vuto la mercury kuno ndi lodziwika: dera la Kadoma ndi Chakari linali limodzi mwa malo amene a Global Mercury Project anasankha kuti afufuzeko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Mercury imawononga ubongo ndi mitsempha, makamaka ya ana ndi ya mwana wosabadwa, ndipo kuchapa sikungakutsimikizireni kuti yachoka. Chimodzimodzinso zovala zopoperera mankhwala m'munda wa thonje kapena fodya. Chofunda chimakhala pamphuno pa mwana usiku wonse.

Ngati za m'nyumba zachepa, pitani kwa telala. Matelala amasesa zidutswa tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri amagulitsa thumba lonse pa mtengo wochepa kapena kungopereka. Musiyireni thumba lanu, muzikalitenga pakutha pa sabata. Pa kaunjika yang'anani masiketi akuluakulu, malaya a abambo ndi nsalu zoyala pabedi, makamaka madzulo mitengo ikatsika.

Chapani zonse musanadule, zakale ndi zatsopano zomwe. Nsalu ya thonje yatsopano imafupika ikachapidwa koyamba, ndipo ndi bwino ifupikiretu isanasokedwe. Zofiira, zakuda ndi zabuluu wakuda muziviike pazokha m'madzi ofunda, muikemo kansanza koyera. Kansanzako kakasintha mtundu, chapaninso mpaka madzi atayera. Ambiri amathira mchere poganiza kuti ugwira utoto, koma pa nsalu za kufakitale mchere suthandiza kwenikweni. Nsalu imene ikuchuchabe utoto mutaichapa kangapo, isiyeni. Zikauma, zisiteni zonse. Nsalu yamakwinya sidulika mowongoka.

Kudula

Pezani katoni yolimba, rula kapena tepi ya telala, pensulo ndi choko, kapena kachidutswa ka sopo wotsala, kamene kamalemba bwino pa nsalu zakuda. Sizasi ikhale yakuthwa ndipo ikhale ya nsalu yokha. Ana akadulira mapepala, imabuntha msanga.

Dulani katoni ya mbali zinayi zofanana, masentimita 17 mbali iliyonse. Kuti mutsimikize kuti ngodya zake zawongoka, yezani kuchoka pa ngodya ina kufika pa yoyang'anizana nayo, kenako muyeze mbali inayo. Miyeso iwiriyo ifanane. Chigamba cha masentimita 17 chikasokedwa chimatsala 15, chifukwa sentimita imodzi mbali iliyonse imalowa mu msoko. Chiwerengero chake chili motere:

Chofunda cha mwana, masentimita 90 ndi 120: zigamba 6 m'lifupi, 8 m'litali, zonse 48.
Cha bedi la munthu mmodzi, masentimita 150 ndi 210: zigamba 10 ndi 14, zonse 140.
Cha bedi la anthu awiri, masentimita 210 ndi 225: zigamba 14 ndi 15, zonse 210.

Chitenje chathunthu cha mamita 2 chimatulutsa zigamba zopitirira 60 pang'ono, kotero mukhoza kuyerekeza nokha kuchuluka kwa nsalu imene mukufuna. Yambani ndi cha zigamba 48. Amene amayamba ndi chachikulu nthawi zambiri amatopa chili pakati, n'kuchiponya pansi pa bedi.

Ikani katoni kuseri kwa nsalu, m'mphepete mwake mutsatane ndi momwe ulusi wa nsaluyo wayendera. Mukadula mopingasa ulusi, chigambacho chimatamuka posoka. Lembani mozungulira, dulani pa mzere penipeni, ndipo musaunjike nsalu zoposa ziwiri podula ndi sizasi. Katoni imadyeka m'mbali, choncho konzani zingapo zofanana, ina ikayamba kufewa muitaye. Mwina mukuona ngati tikukokomeza, koma taonani: chigamba chilichonse chikakula ndi mamilimita 3 okha, mzere wa zigamba 14 udzatalika ndi masentimita opitirira 4 kuposa unzake, ndipo ngodya sizidzakumana. Kuthamanga si kufika.

Kuyala mitundu

Yalani zigamba zonse pansi, pa nsalu yoyera, monga momwe zidzakhalire. Chimene chimakongoletsa chofunda kwambiri si maluwa a pansalu ayi, koma kusiyana kwa zowala ndi zakuda. Njira yosavuta ndiyo kusinthanitsa, chowala, chakuda, chowala, chakuda, monga bolodi la drafuti. Ina ndiyo kuyamba ndi chigamba chimodzi pakati, n'kumachizunguliza ndi mtundu umodzi, kenako wina, mpaka kumapeto. Zitenje zili ndi maluwa akuluakulu olimbana okhaokha, ndiye pakati pa ziwiri zamaluwa ikanipo chopanda maluwa, monga cha yunifolomu kapena cha nsalu yoyala pabedi, kuti maso apume. Mukayala, imani patali, kapena jambulani ndi foni. Pa chithunzi chaching'ono, malo amene mtundu umodzi waunjikana amaoneka msanga.

Mukakhutira, sonkhanitsani mzere uliwonse pawokha, kuyambira kumanzere, mubayepo kapepala ka nambala.

Kulumikiza

Tengani zigamba ziwiri, nkhope zake ziyang'anizane, musoke sentimita imodzi kuchokera m'mphepete. Pa makina, matani kachidutswa ka tepi pa chitsulo cha pansi pa singano, sentimita imodzi kuchokera pamene singano imalowa, ndipo nsalu izitsata tepiyo. Singano ya nambala 14 ikwanira pa zitenje ndi malaya, ya nambala 16 pa jinzi. Makina opalasa ndi miyendo kapena opukusa ndi dzanja ndi abwino kwambiri pa ntchitoyi, ndipo sadikira magetsi.

Osoka pamanja alembe mzere wa msoko ndi pensulo. Ulusi usatalike kupitirira masentimita 45, chifukwa wautali umapotana ndi kudyeka. Sokani timisoko tating'ono tolowa ndi kutuluka, ndipo pakatha tinayi kapena tisanu bwererani m'mbuyo kamodzi. Kubwererako kumathandiza kuti ulusi ukaduka pena, msoko wonse usamasuke.

Malizani mzere woyamba, kenako wachiwiri, mpaka yonse. Musanailumikize, sitani misoko: ya mzere woyamba igonere kumanja, ya wachiwiri kumanzere, ya wachitatu kumanja. Mukatero, pokumana mizere iwiri misokoyo imalowana bwino ndipo sipakhala chotupa. Bayani pini pa mphambano iliyonse musanasoke. Posita, tsitsani simbi ndi kuikweza, osaikhwekhwereza, kuopa kutamula nsalu. Ngati ndi simbi yamakala, yalani kansalu pamwamba kuti phulusa lisadetse ntchito yanu.

Nanga tizidutswa tosaongoka ta kwa telala, tosakwana masentimita 17? Dulani nsalu yakale yopyapyala muyeso womwe uja kuti ikhale maziko. Ikani kachidutswa kamodzi pakati, nkhope kumwamba. Ikani kachiwiri pamwamba pake chafufumimba, sokani m'mphepete mopyoza mazikowo, katembenuzeni, sitani. Pitirizani chotero mpaka maziko onse atakwiririka, kenako dulani zotsalira m'mbali potsata katoni. Zigamba zotere zimalumikizidwa ngati zina zonse. Njirayi imadya nthawi ndi ulusi, koma palibe kansalu kamene kamatayika, ndipo m'maso mwanga zofunda zake ndi zimene zimakongola koposa.

Zapakati ndi zapansi

Chofunda chili ndi magawo atatu: zigamba pamwamba, chotenthetsa pakati, ndi nsalu yathunthu pansi. Pakati pangalowe bulangete lakale lopyapyala, ndipo apa ndi pamene bulangete lobooka limapezanso moyo. Tsekani mabowo ake ndi zidutswa za majuzi a mulu wachitatu uja. Pofuna chofunda chopepuka cha mu September, nsalu imodzi yoyala pabedi ikwanira. Masitolo a nsalu amagulitsanso chotenthetsa cha poliyesitala pa mita, chimene chimapepuka ndi kuuma msanga.

Ena angafune kuikamo thonje la m'munda. N'zotheka, koma ndi ntchito yaikulu. Muchotse njere zonse, chifukwa zili ndi mafuta amene amathimbiriritsa nsalu, mulimasule mpaka lifewe, muliyale mofanana, ndipo musoke mizere yoyandikana masentimita 5 kapena kucheperapo. Mukatalikitsa mizere, thonjelo limaundana m'makona pochapa. Woyamba kumene agwiritse ntchito bulangete.

Nsalu yapansi ndi yapakati zikule kuposa yapamwamba ndi masentimita 6 mbali zonse. Yalani yapansi pa simenti yosesedwa bwino, nkhope yake pansi, muitsindike ndi njerwa zokutidwa m'mapepala kuti iwongoke popanda kuikoka. Yalani yapakati, kenako ya zigamba, nkhope kumwamba. Salazani ndi manja kuchokera pakati kupita kunja. Tsopano gwirizani magawo atatuwa ndi misoko italiitali ya ulusi wa mtundu wooneka, kuyambira pakati kupita m'mbali, mizere yotalikirana ngati chikhatho. Ulusi umenewu mudzauchotsa pomaliza. Apa m'pofunika anthu awiri kapena atatu, ndipo ndi ntchito yoyenera tsiku limene amayi a Chigwirizano kapena a Mvano akumana, kapena Loweruka ana akakhala pakhomo.

Kumanga magawo atatu

Njira yachangu ndiyo kumanga mfundo. Lowetsani ulusi wochindikala wolukira mu singano yaikulu, mubaye pa mphambano ya zigamba mpaka pansi, mutulukirenso pamwamba pafupi pomwepo, mubwereze kachiwiri, mumange mfundo ziwiri, musiye michira ya masentimita 2. Chitani zimenezi pa mphambano iliyonse ndi pakati pa chigamba chilichonse. Pa chofunda cha jinzi njira yabwino ndi imeneyi, chifukwa kupyoza jinzi ndi bulangete ndi timisoko tating'ono kumapweteka zala.

Njira yolimba koposa ndiyo kusoka mizere yopyoza magawo onse atatu, pamanja kapena pa makina. Tsatani m'mbali mwa misoko, kapena lembani ndi choko mizere yodutsa m'ngodya za zigamba. Mizere isatalikirane kupitirira masentimita 10, choncho pamene yatalikirana onjezani ina pakati. Yambani pakati nthawi zonse, kuti makwinya azithawira kunja. Posoka pamanja, dzanja limodzi likhale pansi kuti lizimva nsonga ya singano, ndipo chala chokankhira muchiveke kachitsulo kotetezera kapena kachikopa. Misoko ikhale yofanana kukula. Kuchepa kwake kudzabwera kokha m'manja mukazolowera. Pa makina, talikitsani msoko kufika mamilimita 3, pindani chofunda ngati mkeka kuti chilowe pansi pa mkono wa makina, ndipo musachikoke.

Kutseka m'mphepete

Dulani zotsalira kuti magawo atatu alingane. Yezani kuzungulira konse, muwonjezere masentimita 30. Pa chofunda cha 150 ndi 210, ndiye kuti mukufuna masentimita 750. Dulani timizere ta nsalu yolimba ta masentimita 6 m'lifupi, mutilumikize, mupinde pakati m'litali mwake ndi kusita. Sokani mzerewo kumaso kwa chofunda, mbali zodulidwa zilingane ndi m'mphepete. Pa ngodya imani sentimita imodzi musanafike kumapeto, pindani mzerewo m'mwamba, muubwezenso pansi motsata mbali yotsatira, mupitirize. Mukazungulira, utembenuzireni kuseri ndi kuusoka pamanja ndi timisoko tobisika. M'mphepete ndi momwe mumayamba kutha, choncho apa ikani nsalu yatsopano ngati mungathe.

Pangodya ina yakuseri sokanipo dzina lanu ndi chaka.

Za makanda

Mwana wosakwana chaka asafunditsidwe chofunda cholemera pogona, chifukwa chikhoza kumuphimba kumaso iye osatha kuchichotsa. Cha zigamba 48 chija chigwire ntchito yoyala pansi mwana akamasewera, kapena kufunditsa wamkulupo. Cha mwana chisakhale ndi mabatani, mikanda kapena mfundo za michira, chikhale chosokedwa mizere.

Kusamala ndi kugulitsa

Chapani ndi madzi ozizira m'bafa lalikulu, mochita kuponda kapena kufinya pang'onopang'ono. Musachimenyetse pamwala ndipo musachipotokole. Chikanyowa chimalemera kwambiri, ndiye chiyanikeni pa zingwe ziwiri kapena zitatu zoyandikana, nkhope pansi kuti dzuwa lisasulutse mitundu. Nyengo yozizira ikatha, chisungeni chouma bwino m'thumba la nsalu, osati la pulasitiki, kuopa nkhungu. Chigamba chimodzi chikabooka, dulani china chokulirapo pang'ono, pindani m'mbali mwake, musokerere pamwamba pa chakalecho msanga bowo lisanakule.

Amene akufuna kugulitsa asokeko kaye ziwiri kapena zitatu za pakhomo, azichape kangapo, aone pamene zikufooka. Poika mtengo, werengani ulusi, singano, nsalu yapansi, yapakati, sopo, makala a simbi, ndalama yoyendera, ndi masiku amene mwagwira ntchito. Ambiri amaiwala kuwerengera masikuwo, n'kugulitsa motaya. Chofunda chachikulu sichingapikisane mtengo ndi bulangete la kufakitale, choncho tinthu tating'ono, monga zikwama, zovundikira mapilo, maepuloni ndi zogwirira mapoto, ndi timene timayenda msanga pamsika. Zazikulu sokani mukapatsidwa oda, monga za mphatso ya ukwati kapena za mwana wopita kusukulu yogonera komweko, ndipo wogula apereke theka la ndalama musanadule nsalu. Gulu la amayi kapena abambo asanu likhoza kuchita chipereganyu, chimene anzathu kuno amati mukando, n'kugula makina amodzi opalasa, ulusi wa mabobini akuluakulu ndi sizasi yabwino. Mugwirizane kuyambira tsiku loyamba, molemba m'kope, za nyumba imene makinawo azikhala, masiku a aliyense, ndi ndalama imene aliyense aziponya mwezi ndi mwezi yogulira mafuta, lamba ndi singano.